TP Mazembe siinakwere ndi zithumwa, a komiti mundimve

Abale anga a pagulu lino, ndi inu nonse amene uthengawu ukufikeni kudzera kwa ena, ndikudziwa kuti mukaona uthenga wautali chala chimangotsetsereka kupita mmunsi. Uno wokha uwerengeni mpaka kumapeto, kutukwana mutukwane mukamaliza. Ndikulemba usiku, ndakhala pa boti la eni ake lomwe ndamasula giyabokosi yake masana ano, manja akadali kununkha oyilo, chifukwa mawu amene anayankhulidwa Lamulungu pa msonkhano wa timu yathu andiima pakhosi ngati munga wa kampango.

Kwa amene kunalibe, nkhani ili motere. Miyezi iwiri takhala tikusonkha ndalama za timu pokonzekera bonanza ya Khirisimasi. Eni zilimira aponya, alovi aponya, amayi oyanika usipa pa thandala aponya, ngakhale ana ogulitsa zitumbuwa aponya ma K200 awo. Zonse pamodzi zakwana K310,000. Ndiye pa msonkhano paja a komiti akuti K180,000 ipite kwa munthu wina wa kuphiri kuti akatsirike timu, yotsalayo tigule mipira ndi kulipira galimoto. Ine nditakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga nsapato za anyamata, akulu ena amene ndimawalemekeza kwambiri anandiyankha kuti: "Iwe mwana, mpira wa mu Africa sukuudziwa. Ngakhale TP Mazembe imene umaitama ija ndi mankhwala okhaokha. Akongo ndi anthu okhwima."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinakhala pansi, chifukwa bambo anga anandiphunzitsa kuti sukangana ndi akulu pagulu. Koma foni ndi yanga, bandulo ndagula ndekha, ndipo popeza mwaitchula Mazembe kuti ikhale mboni yanu, tiyeni tiifunse mboniyo bwinobwino.

Timu imeneyi ndi ya mu mzinda wa Lubumbashi ku Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Amene muli ndi abale oyendetsa mathiraki odutsa pa Kasumbalesa afunseni, si kutali ngati London yomwe mumailota. Inayamba m'chaka cha 1939, mzindawo ukutchedwa Elisabethville. Ndipo mukudziwa anaiyambitsa ndani? Ansembe achikatolika a chipani cha Benedictine, kuyambitsira anyamata a pasukulu yawo, dzina lake Saint-Georges. Eee, timu imene mukuti ndi ya nyanga ija inabadwira pa mishoni. Kenaka inatenga dzina la kampani ya matayala ya Englebert yomwe inkaithandiza, ndipo itasesa zikho za m'dziko mwawo mu 1966 anawonjezera mawu akuti Tout Puissant, kutanthauza wamphamvu zonse. TP ija ndi imeneyo. Amavala zoyera ndi zakuda, amawatcha akhwangwala, koma pachifuwa pali ng'ona italuma mpira. Ife a kunyanja chithunzi chimenecho sitifuna wotimasulira.

Mu 1967 anatenga chikho cha matimu akuluakulu a mu Africa. Apa ndinene chilungamo, chikho choyambachi chinabwera mokhotakhota. Anasewera ndi Asante Kotoko ya ku Ghana, 1-1 koyamba, 2-2 kachiwiri, akuluakulu a mpira analamula kuti pakhale masewero achitatu, a Kotoko sanafike, chikho n'kupatsidwa kwa Akongo. Ndikudziwa pano madala aja akumwetulira kuti wamva, si mankhwala amenewo, mdani kulephera kufika pabwalo? Dikirani. Mu 1968 anachitenganso pogonjetsa Etoile Filante ya ku Togo. Mu 1969 anafikanso mu fainolo, Ismaily ya ku Egypt inawakwapula. Mu 1970 fainolo yachinayi yotsatizana, ndipo anakumananso ndi Kotoko yomwe ija. Kotoko inapita ku Congo komweko n'kukawina 2-1, kunyamula chikho anthu a kwawo akuona. Nanga mankhwala oletsa Kotoko kufika aja anasukuluka zaka zitatu zokha? Kapena sing'angayo anapita ku tchuthi?

Chimene chinalipo nthawi imeneyo ndi osewera, basi. Pierre Kalala kutsogolo. Pambuyo pake goloboyi Kazadi Mwamba, ndi Bwanga Tshimen amene anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa mu Africa mu 1973, munthu wotchinga kumbuyo osati womwetsa zigoli. Zaire itapita ku World Cup mu 1974 Kazadi ndi Bwanga anali momwemo, pamodzi ndi Mwepu Ilunga, uja mumaseka pa kavidiyo akuthamanga kuchoka pa khoma kukamenya mpira a Brazil asanamenye. Ku World Cup imeneyo Yugoslavia inawathira 9-0. Naini. Dziko la anthu okhwima limeneli.

Mu 1980 Mazembe inatenga chikho china cha mu Africa, cha matimu owina zikho m'maiko mwawo, pogonjetsa Africa Sports ya ku Ivory Coast. Kuchoka apo zii. Zaka 29 popanda chikho chilichonse cha mu Africa. Ngakhale ligi ya kwawo anaitenga mu 1987 n'kukhala mpaka 2000 osaionanso. Ine ndili ndi zaka zosakwana 29, ndiye kuti moyo wanga wonse ndi kuwonjezerapo, Mazembe ili gone. Ndikufunsa mwaulemu: asing'anga onse a ku Katanga anamwalira mu 1980 n'kudzauka mu 2009? Chimene chinachitika n'chodziwika. Dziko linasokonekera mu ulamuliro wa Mobutu, migodi ya kopa inagwa, ndalama zinasowa, osewera abwino anabalalika. Timu inauma ngati mmene limaumira boti losiyidwa pamtunda, matabwa kung'aluka okha.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pandikhudza ine mwana wa msodzi. Mu 1997 timu inatengedwa ndi Moise Katumbi. Munthu ameneyu kwawo ndi ku Kashobwe, dera la mtsinje wa Luapula kufupi ndi nyanja ya Mweru. Bambo ake ankachita malonda a nsomba, ndipo iye mwini ndalama zake zoyamba anazipeza pogulitsa nsomba, asanalowe mu za magalimoto onyamula katundu ndi migodi. Fungo limene anyamata a mtauni amatinyoza nalo likatitsatira mu minibasi, iye analidziwa. Ndiye munthu wodziwa nsomba amadziwa chinthu chimodzi: sugula chilimira lero n'kubweza ngongole mawa. Anatenga timu 1997, chikho cha mu Africa anachiona 2009. Zaka 12 akuthira ndalama, akulipira osewera, akusaka anyamata m'maiko oyandikana nawo. Ife kuno tikaluza gemu imodzi kochi tamuchotsa, ziwiri komiti yagawanika, zitatu tayamba kunamizira agogo a kuseri kwa bwalo kuti akutilodza.

Mu 2009 anagonjetsa Heartland ya ku Nigeria, movutikira, ndi lamulo la chigoli cha koyenda. Atapita ku chikho cha matimu a dziko lonse ku Abu Dhabi anachita manyazi. Pohang ya ku Korea inawamenya, kenaka Auckland City ya ku New Zealand inawamenya 3-2, timu ya anthu amene ambiri masana amakhala ali ku ntchito zina. Akanakhala ife tikanati sing'anga wa ku New Zealand ndi woopsa, chaka chamawa tisake wa kumeneko. Iwo anabwerera kunyumba, anakonza pobowoka, anabweretsa kochi Lamine N'Diaye wa ku Senegal. Chaka chotsatira mu fainolo ya mu Africa anathira Esperance ya ku Tunisia 5-0 ku Lubumbashi, ziwiri mwa zigolizo za Given Singuluma wa ku Zambia kuno, kukamaliza 1-1 ku Tunisia.

Ndiye Disembala 2010, Abu Dhabi yomwe ija. Ine ndinali mwana, ndinaonera pa vidiyo sho ya pamsika nditakhala pamiyendo ya amalume, jenereta ikutsokomola kunja. Anayamba ndi Pachuca ya ku Mexico, 1-0. Kenaka pa 14 Disembala, Internacional ya ku Brazil, akatswiri a South America yonse, anthu amene anabwera ataganiza kale za fainolo. Kabangu anaulandira mpira m'bokosi, kuuika pansi, kuupinda kukona. Chatsala pang'ono kutha Kaluyituka anathamanga yekha kumanzere n'kuwonjezera chachiwiri. 2-0. Goloboyi Robert Kidiaba, amene tsiku limenelo anagwira mipira ngati ali ndi manja asanu, anayamba kudumpha ndi matako pa kapinga, ndipo mawa lake mwana aliyense padooko pano ankadumpha ndi matako pamchenga mpaka makabudula kung'ambika. Inali nthawi yoyamba timu yosachokera ku Ulaya kapena South America kufika mu fainolo ya chikho chimenecho.

Ndipo chimene ambiri simudziwa n'chakuti anachita zonsezi popanda katswiri wawo Tresor Mputu, amene anali ataletsedwa kusewera chaka chathunthu chifukwa cholimbana ndi oyimbira pa mpikisano wina ku Rwanda. Timu imene wosewera wake wamkulu palibe koma ikumenyabe Brazil, imeneyo ndi timu yokhala ndi anthu pa benchi. Ife pano wosewera wathu wa nambala 9 akapita ku chilimira usiku wa Loweruka, Lamulungu tonse timangoyang'anana.

Mu fainolo Inter Milan inawamenya 3-0, Pandev, Eto'o ndi Biabiany. Apa mankhwala anatani? Kapena munena kuti Eto'o naye ndi wa ku Cameroon ndiye anabwera ndi ake amphamvu? Mukayamba kuganiza motero palibe tsiku lomwe mudzaluze mkangano, chifukwa mukawina ndi mankhwala, mukaluza ndi mankhwala a mnzanu. Sing'anga yekha ndi amene saluza. Amadya kwa owina, amadya kwa oluza.

Chaka chotsatira, 2011, Mazembe inachotsedwa mu mpikisano wa mu Africa ili ndi chikho m'manja. Inachotsedwa ndi pepala. Simba ya ku Tanzania inadandaula kuti anaseweretsa munthu amene mapepala ake sanali bwino, akuluakulu a CAF anafufuza, Mazembe panja. Munthu wolemera ngati Katumbi, ali bwanamkubwa wa chigawo chonse cha Katanga nthawi imeneyo, analephera kutsirika kalata imodzi. Izi ndazitchula dala, chifukwa timu yathu mpaka lero ilibe kaundula wa osewera, ndipo mukukumbukira mmene tinakanganirana pabwalo la eni ake za mnyamata uja ankati ndi wa mudzi wina. Kope la K1,500 likanathetsa nkhani imeneyo.

Mmene anayankhira chilango chimenecho ndi pamene ndimawavulira chipewa. Mu 2012 anatsegula bwalo lawolawo ku Kamalondo, lolowa anthu pafupifupi 18,000, osati lobwereka kwa boma. Anamanga sukulu yophunzitsa ana mpira. Anagula ndege ya timu, chifukwa mu Africa muno ulendo wokha umatha kukugonjetsa usanafike pabwalo. Zotsatira zake: 2015 chikho chachikulu kachisanu pogonjetsa USM Alger kwawo ndi koyenda komwe, 2016 ndi 2017 chikho cha Confederation motsatizana, chachiwiricho pogonjetsa SuperSport United ya ku Joni. Ndipo onani bwino zaka zimenezo. Kuyambira 2016 mpaka 2019 Katumbi anali kunja kwa dziko chifukwa cha ndale, osatha kuponda ku Lubumbashi. Timu inatengabe zikho ziwiri mwini wake palibe. Mu 2024 timu yawo ya atsikana inatenganso chikho cha Africa ku Morocco. Nawonso atsikanawo munena kuti anawatemera mphini?

Zikho zisanu za Champions League. Kuposa pamenepo ndi Al Ahly yokha, ndipo Zamalek ndi imene ikufanana nawo. Kumwera kwa chipululu cha Sahara kulibe timu ina yofika apo, kaya Pirates, kaya Sundowns, kaya Chiefs imene mumavala majezi ake a pa kaunjika.

Mboni zina ndi aneba athu. Zambia itatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville, otchinga pakati onse awiri, Stoppila Sunzu ndi Hichani Himoonde, anali a Mazembe, Rainford Kalaba nayenso. Penate yomaliza anamwetsa ndi Sunzu. Mbwana Samatta anachoka ku Simba, anakaphikidwa ku Lubumbashi, mu 2016 anapita ku Genk ya ku Belgium, mu 2020 Aston Villa, m'Tanzania woyamba mu ligi ya ku England yomwe mumaipembedza ija, ndipo anamwetsa chigoli pa Wembley mu fainolo yolimbana ndi Manchester City. Wathu Joseph Kamwendo nayenso anavalapo jezi imeneyo. Azungu a ku Genk pogula Samatta sanafunse kuti chithumwa chake chili m'sokosi iti. Anayeza mapapo, miyendo ndi zigoli.

Tsono ndikudziwa chimene anzanga ophunzira pagulu lino mundiyankhe, ndipo inu ndi amene muli ndi mfundo yeniyeni. Munena kuti aise, chabwino si mankhwala, koma ndi ndalama za migodi, ife tili ndi K310,000, ukutiyerekeza bwanji ndi munthu wa ndege? Zoona. Sindikana. Popanda thumba la Katumbi nkhani yonseyi ikanakhala ina, ndipo sindikunena kuti munthuyo ndi mngelo, ndi wandale, timu inamuthandizanso kutchuka. Koma ndalama zokha tinaziyesa kuno kwathu. Mu 2004 Bullets, nthawi imeneyo Bakili Bullets, ndalama zili mbwee, Kinnah Phiri ali kochi, inatulutsa Orlando Pirates n'kulowa mu ndime ya magulu ya Champions League, kukasewera ndi ma Enyimba amene anatenga chikho chaka chimenecho. Ine ndine wa Maule kuyambira ndili mwana ndipo nkhani imeneyi ndimainyadira. Koma mpopi wa ndalama utatsekedwa chinatsala n'chiyani? Bwalo panalibe, sukulu ya ana panalibe, osewera anabalalika, timu inakhala zaka ikupemphetsa. Chaka chomwecho cha 2004 Mazembe sinafike pamene Bullets inafika. Patapita zaka 19, Seputembala 2023, anakumana: 1-0 pa Bingu ku Lilongwe, 4-0 ku Lubumbashi, Maule panja. Ndipo imeneyo inali Bullets yabwino, ya Kalisto Pasuwa, imene chaka chomwecho inasesa zikho zonse za m'dziko muno. Onse awiri anaona ndalama. Wina anadyera pamtunda, wina anakhomera boti.

Ndiye nkhani si kukula kwa thumba. Nkhani ndi yakuti ndalama ikatuluka m'thumbamo imasiya chiyani chimene mudzachipeze chaka chamawa. K180,000 ya kwa sing'anga pa 26 Disembala idzakhala utsi. Nsapato zidzakhalapo. Zipilala za goli zidzakhalapo.

Ntchito yanga imandionetsa zimenezi sabata ili yonse. Munthu amabwera ndi Yamaha Enduro yake, akuti injini ikuzima pakati pa nyanja, anzanga a pa dooko andichita chipongwe, andiponyera. Wapita kale kwa sing'anga, pa chogwirira pali kansalu kakuda komangidwa. Ine ndikatsegula kabuleta ndimapeza madzi ndi mchenga. Mapulagi akuda bii. Oyilo wa tu sitiroko amathira moyerekeza ndi maso, nthawi zina osathira n'komwe kuti asunge ndalama. Impela inatha mano chaka chatha, madzi oziziritsa satulukanso kumbuyo, iye akungoyenda. Ndalama imene anapereka kuphiri ikanagula impela, mapulagi ndi sefa ya mafuta, n'kutsala ya ndiwo. Kansalu kaja ine sindikachotsa, si ntchito yanga, ndipo sindinyoza chikhulupiriro cha munthu. Ndimangotsuka kabuleta. Injini ikalira amati sing'anga uja ndi woona. Ndimalandira yanga n'kukhala chete. Koma injini ikazima mwera ukuomba, anthu 9 ali m'boti usiku, amene amalira ndi amayi athu, osati wa kuphiri uja.

Ndipo tisanamizane ngati chaka chatha sitinayese. Tinapereka ndalama kwa munthu yemweyo. Anatiuza kuti tisalowere pachipata, tidumphe mpanda. Anatiuza kuti usiku wa gemu anyamata asagone, akhale maso pa mphambano mpaka tambala woyamba. Anyamata amene sabata yonse anali akukoka chilimira, tulo tili m'maso, ena osadya chifukwa ndalama ya nsima inapita komweko. Chigawo choyamba tinagwira 0-0, chachiwiri miyendo inatha, 3-0. Titabwerera kukafunsa, yankho linali lakuti mmodzi wa inu anaphwanya mwambo, anagona ndi mkazi. Anyamata anayamba kulozana zala, awiri mpaka lero sayankhulana, ndipo amakwera boti limodzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mng'ono wathu uja wa kumapiko, dzina sinditchula, nonse mukumudziwa. Anasewera ndi nsapato yobwereka yong'ambika kumphuno, yomangidwa ndi ulusi wa ukonde. Anaponda dzenje la pafupi ndi kona lomwe takhala tikunena zaka zitatu kuti tikwirire, bondo linatembenuka. M'thumba la timu munalibe ngakhale ya njinga yamoto yopitira kuchipatala, tinachita kusonkherana pabwalo pomwepo. Miyezi itatu sanalowe m'madzi. Mlovi akapanda kulowa m'madzi palibe chogawana, mukudziwa. Mayi ake anagulitsa mbuzi. Mwa anthu amene anaomba m'manja Lamulungu, ndi angati anapita kukamuona? Wa kuphiri uja anatumiza ngakhale sopo?

Anzanga a Arsenal, Man U ndi Chelsea, musaganize kuti mwapulumuka. Inu mumadziwa dzina la mkazi wa wosewera wa pa benchi ku London, mumadziwa malipiro ake pa sabata, mumatukwanizana mpaka kutulutsana pagulu chifukwa cha anthu amene sadziwa kuti Nkhotakota ili mbali iti. Loweruka lililonse ma K2,000 akupita ku kubetcha, tikiti yaphedwa ndi timu imodzi, mawa lake mwabwera kwa ine kuti mani ndibwereke ya sopo. Koma tsiku losonkha za timu ya pakhomo panu munaponya K500 mochita kukukakamizani, ndipo pa msonkhano simunabwere chifukwa kunali gemu ya 4 koloko. Mukanabwera inu khumi, dzanja langa silikanakhala lokha m'mwamba. Mumanyoza mpira wa mu Africa kuti ndi wa ufiti ndi ndewu, chonsecho mukausiyira anthu okhulupirira zomwezo kuti auyendetse. Sindikuletsani kuonera, inenso ndimaonera. Koma funsani aliyense wa inu kuti anamwetsa ndani pamene Africa inagonjetsa akatswiri a Brazil, muone mmene akandire m'mutu.

Kwa akuluakulu a komiti, ndikupepesa ngati mawu ena apweteka. Inu ndi amene munalambula bwalo lija ndi makasu ife tisanabadwe, ndipo popanda inu timu bwenzi kulibe. Sindikuti mwaba, palibe amene waba. Ndikuti ndalama imeneyi si yanu nokha. Muli thukuta la mayi amene wayanika usipa padzuwa tsiku lonse n'kuponya K1,000 poganiza kuti mwana wake avala nsapato. Ngati mtima wanu sungakhazikike popanda kutsirika, palibe wokuletsani, sonkhani za m'matumba mwanu inu okhulupirira, mupite kuphiri. Za gulu zigwire ntchito yooneka ndi maso.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kuwakonza. Nsapato za pa kaunjika zolimba kwa anyamata amene alibiretu, ndawerenga alipo 7. Mipira itatu, osati umodzi umene ukagwera m'bango maphunziro atha. Matumba a mchenga ndi dothi tikwirire maenje onse, imeneyo sifuna ndalama, ifuna ife Loweruka m'mawa. Kabokosi ka mabandeji ndi mankhwala opaka. Kope la kaundula wa osewera ndi la ndalama, lowerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. K40,000 ikhale padera osaikhudza, ya munthu akavulala. Chakudya cha anyamata tsiku la gemu. Ndipo tipemphe eni zilimira kuti usiku woti mawa kuli gemu osewera athu asalowe m'madzi, gawo lawo la usiku umenewo tione mmene tingawathandizire. Za zipilala za goli musadandaule, ndili ndi mapaipi otsala kumalo kwanga, ndiwotcherera ndekha, sindilipiritsa.

Chinanso, ana aja azaka 12 ndi 13 amene amasewera mpira wa mapepala kuseri kwa mathandala madzulo, alipo atatu amene ndawaona ali ndi mwendo. Mpira umodzi mwa itatuyo ukhale wawo, ndipo mmodzi wa ife aziwayang'anira kawiri pa sabata. Ine Lachiwiri ndikhoza, wina atenge Lachisanu.

Mwina pa bonanza tidzaluzabe. Timu ya kutsidya kwa mtsinje ili bwino kuposa ife, amachita maphunziro kanayi pa sabata pamene ife timakumana tsiku la gemu. Ndipo tikadzaluza ndikudziwa kale chimene chidzanenedwe, kuti ndi mwana wa masipanala uja anatiletsa kutsirika. Ndavomera, mudzandinene.

Msonkhano wina uli Lachinayi 3 koloko pansi pa mkuyu wa pa dooko, ndalama isanatuluke. Amene munaponya, kaya K200 kaya K20,000, bwerani, amayi a pa thandala makamaka inu, ndipo nthawi ino tivote pokweza manja. Wina awawerengere uthengawu madala amene alibe WhatsApp, osadumpha mzere. Ine ndifika mochedwerako pang'ono, ndili ndi injini ya 40 yofuna kusintha mapisitoni mwini wake akufuna kulowa m'madzi usiku womwewo.